NYENGO ZA KUSAKA NDI LAISENSI YA MLENJE KU DZIKO LA MAINE

Mau onenedwa pa Msonkhano wa Bungwe pamaso pa Mafumu ndi mamembala. Mlembi wawalemba onse kuti afikenso kwa iwo amene sanakhoze kubwera.

A Pampando, Mafumu eni dziko, Nduna zao, ndi inu nonse abale a m'Bungwe lino:

Pa msonkhano wapita munapangana kuti tisanalembe kalata yathu kwa akuru oyang'anira nyama za m'thengo, tiyambe tamva umo anthu a maiko ena aikira malamulo ao a kusaka. Ndipo nchito iyi munaiika pa ine. Ndasankha dziko limodzi lokha, pakuti kuyendayenda m'maiko khumi kukanatitopetsa tisanaone kanthu. Akuru anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tsono tiyese kalumoka, tione ngati kangamete mutu wathu.

Dzikolo ndi Maine, limodzi la maiko 50 a mu United States of America. Liri ku ngodya ya kumpoto cakum'mawa, pa malire ndi Canada. Licepa pang'ono ndi Malawi, koma anthu ace ali ngati 1,400,000 okha, pamene ife kalembera wa 2018 anatipeza tiri oposa 17,500,000. Pa maekala 100 ali onse a mtunda, 89 ndi nkhalango, ndipo palibe dziko lina mwa 50 aja lokutidwa ndi mitengo cotero. Nyama zazikuru zosakidwa kumeneko ndi zitatu: ina yonga mbawala imene iwo aicha deer, ina yoposa nchefu msinkhu, ya nyanga zophwatalala ngati zikhatho, yochedwa moose, ndi cimbalangondo cakuda.

Ndiyambe ndi mwazi, pakuti malamulo awa sanabadwe mwa mtendere. Lamulo loyamba loika nyengo ya kusaka linaikidwa mu 1830, koma panalibe wolisunga kwenikweni, ndipo anthu anapha monga anafuna. Kumeneko m'miyezi ya cisanu kugwa cipale cofewa cofika m'ciuno. Nyama zititimira m'menemo, ndipo munthu wobvala nsapato zotambalala zoyendera pamwamba pace akhoza kuzipeza zitatopa ndi kuzipha ngakhale ndi nkhwangwa. Nyama inatumizidwa ku misika ya ku Boston, ndi zikopa zinagulitsidwa. Mu 1880 Boma linaika alonda a nyama, amene kuno tiwacha a gemu, ndipo m'zaka zotsatira malamulo anakhwima. Kusaka deer ndi agaru kunaletsedwa, malonda a nyama kunja kwa dziko anatsekerezedwa, ciwerengero ca nyama zoti munthu mmodzi aphe cinaikidwa, ndipo mu 1883 kusaka tsiku Lamulungu kunaletsedwanso.

Anthu a m'midzi ya m'nkhalango, odula mitengo ndi alimi osauka a ku Washington County, anaona ici ngati cipongwe. Iwo anati malamulowa sanaikidwire nyama iai, koma olemera a m'mizinda, kuti pobwera kudzasewera ndi mfuti zao zokongola akapeze thengo lodzala, pamene mwini mudzi agona ndi njala. Mkwiyo unakula. Mu 1885 nyumba ndi khola za mlonda wina zinatenthedwa ku mudzi wa Wesley. Ndipo mu Novembala 1886, pa kamtsinje kochedwa Fletcher Brook, alonda awiri, Lyman Hill ndi Charles Niles, anapeza alenje ali ndi garu m'thengo, nafuna kumlanda garuyo monga lamulo linawalola. Mmodzi wa alenjewo, Calvin Graves, anawaombera onse awiri, nafa pomwepo. Iye anathawira ku California, kutsidya lina la America, koma anagwidwa, naweruzidwa kukhala m'ndende moyo wace wonse. Cimene ndifuna muone ndi ici, kuti ambiri a m'midzi imeneyo anamvera cisoni wakuphayo. Amuna awiri anafera garu mmodzi, ndipo anansi sanagwirizane kuti wolakwa ndani.

Mafumu, mau awa si acilendo m'makutu mwanu. Kuno kwathu mnyanga wa njobvu wogunda pansi unali wa mwini dziko, ndipo uzimba sunacitika mfumu isanalole. Mu 1897 Boma la Atsamunda linapatula Elephant Marsh ndi dambo la Chilwa kuti akhale malo a nyama. Ndipo Lamulo la Nyama la 1926, limene linapana masakidwe a makolo athu, linatsutsidwa ndi mabungwe a eni dziko onga lathu lino pamodzi ndi amishoni, cifukwa ca minda yoonongeka ndi ca kashembe wotsata nyama. Dandaulo lao linali lomwelo la anthu a ku Wesley, lakuti lamulo lisungira wina nyama imene idya cimanga canga.

Tsono funso langa ndi ili: cinasintha nciani ku Maine, kuti lero alenje ambiri a m'midzi yomweyo agula laisensi caka ndi caka, natenga nyama yao kukailembetsa okha? Sindinena kuti opha nyama mwakuba anatha. Alipo, ndipo wogwidwa alikusaka usiku alipira madola osacepera 1,000 nagonanso m'ndende masiku atatu. Koma nkhondo ija inatha, ndipo ndiyesa kuti zifukwa zace zioneka m'kacitidwe ka malamulo a lero.

Poyamba taonani caka ca mlenje. Cimbalangondo cisakidwa kuyambira kumapeto kwa Ogasiti kufikira kumapeto kwa Novembala. Moose iri ndi masabata owerengeka okha, makamaka mu Sepitembala ndi Okutobala. Pa deer, Okutobala ndi wa mauta ndi mibvi. Novembala, masabata ngati anai, ndi wa mfuti. Ndipo pambuyo pace pali sabata limodzi kapena awiri a mfuti za gogodera, zonga zomwe makolo athu anagula kwa amalonda a kunyanja, pakuti alipo azungu okonda kusaka monga anacitira agogo ao. Ana a deer abadwa mu Meyi ndi Juni, cotero pofika nyengo ya mfuti akhala ataleka kuyamwa. Kusaka kuyamba theka la ora dzuwa lisanaturuke, ndi kuleka theka la ora litalowa. M'nyengo ya mfuti mlenje abvala cipewa ndi malaya a mtundu wa lalanje wowala, kuti mnzace asamuyese nyama. Miyezi yotsala yonse nyama zazikuruzi zipumula.

Ndipo mwini dziko atsogola. Loweruka lotsogolera nyengo ya mfuti ndi la anthu okhala m'Maine, ndipo alendo, kupatula iwo ali ndi malo akuru m'dzikomo, adikira Lolemba. Palinso masiku opatulira ana okha, aliyense ndi wamkuru womuyang'anira. Laisensi ya mlendo iposa ya mwini dziko kangapo pa mtengo, ndipo mlendo wofuna kusaka cimbalangondo ndi agaru ayenera kulemba nchito mlondoleri wa konko, wokhala ndi ciphaso ca Boma. Kulembetsa alondoleri kumeneku kunayamba mu 1897, ndipo ciphaso coyamba cinapatsidwa kwa mai, Cornelia Crosby. Cotero ndalama ya wolemera wa mumzinda, amene kale anali mdani, tsopano ilowa m'thumba la munthu wa m'mudzi. Kuyambira 1986 munthu wamkuru sagula laisensi yoyamba asanaonetse kuti anaphunzira kagwiridwe ka mfuti.

Laisensi ya masiku onse ilola munthu kupha deer imodzi ya nyanga pa caka. Kawirikawiri wofuna yaikazi afunika ciphaso cina capadera, ndipo ziphaso izi ziwerengeka. Dziko lagawidwa m'zigawo 29 za nyama. Cigawo cimene cisanu caphamo nyama zambiri cilandira ziphaso zocepa, kapena osalandira konse. Cigawo cimene deer zacuruka kufikira kuononga minda ndi kugundana ndi magalimoto cilandira zambiri. Alenje athu adziwa bwino kuti tonde mmodzi akwanira zazikazi zambiri, koma kupha yaikazi ndiko kupha ana a caka ca mawa.

Nanga Boma lidziwa bwanji ciwerengero? Apa ndipempha muchere khutu, pakuti ndiyesa ndipo pagona mutu wa nkhani. Munthu akapha deer, moose kapena cimbalangondo, amangirirapo cizindikiro ca dzina lace pomwepo, ndipo mosacedwa aitengera ku malo olembetsera. Malo awa kawirikawiri ndi sitolo ya m'mudzi, ya munthu amene onse amdziwa. Pamenepo nyama ilembedwa, yamphongo kaya yaikazi, ndi mudzi umene yaphedwera. Pa moose ndi cimbalangondo azulanso dzino limodzi, pakuti muzu wa dzino uli ndi mizere yoonetsa zaka za nyamayo, monga mizere ya pa citsa ca mtengo. Ziwerengero izi Boma lizisindikiza, ndipo aliyense akhoza kuziona ndi kutsutsana nazo. Mlenje akauzidwa kuti caka cino ziphaso zacepa, aona ndi maso ace cifukwa cace, pakuti dzino limene anapereka iye liri m'kati mwa ciwerengeroco.

Mbiri ya moose ionetsa kuti thengo lotsekedwa likhoza kutsegulidwanso. Nyama ina ya kumeneko, caribou, inatha ndithu kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo anayesa kawiri kuibwezera, mu 1963 ndi kuyambira 1986, koma osaphula kanthu. Moose inatsala pang'ono kutsata njira yomweyo, ndipo itatha nyengo ya 1935 kusaka kwace kunatsekedwa. Thengo linakhala cotero zaka zoposa 40. Nyamazo zitacuruka, Boma linatsegula mu 1980 ndi ziphaso 700, ndipo popeza ofuna anali zikwi zambiri, anacita maere. Maerewo acitika caka ndi caka kufikira lero, mu Juni, pa bwalo, maina nawerengedwa mokweza pamaso pa khamu. Alendo salandira koposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Amene maere amgwera adikira zaka zitatu asanalandirenso, ndipo amene walephera aonjezeredwa mwai pa caka cotsatira. M'zaka za 2022 kufikira 2024 ziphaso zinali ngati 4,000 pa caka. Ine ndiona nzeru m'maere awa, pakuti pamene cinthu ciri cocepa ndi ocifuna ali ambiri, kalaliki wogawa m'cipinda cotseka adzanenedwa za ziphuphu ngakhale ali wolungama.

Mdani wa moose lero ndi nkhupakupa. Popeza cisanu cafupika, nkhupakupa zacuruka, ndipo mwana mmodzi wa moose akhoza kunyamula zikwi makumi angapo, namwedwa mwazi kufikira kufa. M'cisanu ca 2021 kulowa 2022, m'cigawo cina ca kumpoto cakumadzulo, mwa ana amene akatswiri anawabveka zizindikiro m'khosi anafa oposa 8 mwa 10. Boma linayesa cinthu codabwitsa: kuyambira 2021 linaonjeza ziphaso za moose zazikazi m'gawo lina la cigawoco, kuti nyama zikacepa ndi kutalikirana, nkhupakupa zisowe pokwera. Alenje ena anakwiya naco, nati ndiko kuthira mafuta pa moto. Ndachula ici kuti muone kuti ciwerengero ca ziphaso sicikhala cimodzimodzi, koma citsata zimene zapezeka m'thengo.

Za ndalama ndinena mwacidule. Mu 1937 Boma lalikuru la America linaika lamulo lochedwa Pittman-Robertson. Msonkho wa pa mfuti za kusaka ndi zipolopolo, umene uli 11 pa 100, ugawidwa kwa maiko monga mwa kukula kwao ndi ciwerengero ca alenje a laisensi. Koma dziko lolandira liyenera kuika lamulo lakuti ndalama za laisensi zisapatutsidwe kunka ku nchito yina, koma za nyama zokha. Likapatutsa, litaya gawo lace. Cotero mlenje adziwa kuti ndalama yace silowa m'nkhokwe yopanda pansi.

Mlimi naye sanaiwalidwe. Mwini dziko wokhala pa munda wace woposa maekala 10 asaka pamenepo wopanda laisensi, iye ndi a m'banja lace, ngakhale asunga nyengo monga ena onse, ndipo moose sailowetsa m'mwai umenewu. Ndipo nyama ikapezeka irikuononga mbeu kwambiri, mwini munda aloledwa kuipha ngakhale kunja kwa nyengo, koma anene kwa mlonda asanathe maora 12. Mlonda abwera kudzaona, ndipo akapeza kuti nzoona, nyamayo ikhoza kusiyidwa kwa mlimiyo. Kugulitsa nyama ya m'thengo nkoletsedwa, koma kugawira osowa nkololedwa. Nkhalango zoposa 9 mwa 10 ziri ndi eni ace, makamaka makampani a matabwa, koma mwambo wao ndi wakuti munthu alowa kukasaka pokhapo mwini ataletsa ndi cikwangwani kapena ndi utoto wofiirira pa mitengo ya m'malire.

Anthu a ku Maine akhozanso kuitana dziko lonse liponye voti pa lamulo. Mu 1983 ena anafuna kuletsanso kusaka moose, nagonja. Mu 2004 ndi mu 2014 ena anafuna kuletsa kusaka cimbalangondo ndi nyambo, agaru ndi misampha, nagonja kawiri konse. Koma lamulo la Lamulungu la 1883 likali ciimire. Mu 2021 anthu anabvomereza kulemba m'malamulo akuru a dziko lao kuti munthu ali ndi ufulu wa kudzipezera cakudya. Banja lina linatengera mau awa ku bwalo, niliti ife tigwira nchito masiku a m'kati mwa sabata, ndipo kutiletsa Lamulungu ndiko kutimana cakudya. Mu 2024 bwalo lalikuru la Maine linakana dandaulo lao. Ambiri a eni malo akonda tsiku limodzi lopanda kulira kwa mfuti, ndipo alenje ena aopa kuti akaumirira, eni malowo adzapaka utoto pa mitengo yao.

Tsopano ndifike pa mbali imene ikhudza inu Mafumu koposa zonse, ndipo pano sindiyamika Maine. Azungu asanafike, dzikolo linali la mafuko ochedwa Wabanaki: a Penobscot, a Passamaquoddy, a Maliseet ndi a Mi'kmaq. Malamulo a nyama aja poikidwa, iwo sanafunsidwe. Mu 1892 munthu wa Passamaquoddy, Peter Newell, anaimbidwa mlandu wa kupha deer kunja kwa nyengo. Iye anatsamira pa mapangano akale a pfuko lace ndi azungu, koma bwalo lalikuru la Maine linati mapanganowo anafa, popeza pfuko limene linapangana silinalinso pfuko lodzilamula. Taganizani, Mafumu, munthu alikuima pamaso pa oweruza, nauzidwa kuti mtundu wace kulibe.

Panapita zaka 88. Ena mwa mafukowa anasumira Boma kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a Maine anatengedwa mosatsata lamulo, ndipo mu 1980 President Jimmy Carter anasaina cigwirizano ca madola 81,500,000, mbali yaikuru ya ndalamazo ikhale yogulira maekala ngati 300,000 a nkhalango. M'cigwirizanoco a Penobscot ndi a Passamaquoddy anapatsidwa mphamvu ya kuika okha malamulo a kusaka ndi kuchera misampha m'malo ao. Ali ndi alonda ao, nyengo zao, ndi kusaka kwa cakudya ca pa banja kosiyana ndi kwa masewera. Ndipo m'dziko lonse la Maine anthu a mafuko anai aja alandira laisensi yaulere. Koma Boma linasunga cingwe m'dzanja lace, pakuti likhoza kulowererapo likaona kuti malamulo a pfuko alikucepetsa nyama za kunja kwa malire ao. Ndipo mu 2021 bwalo la apilo la ku Boston linagamula kuti malo a a Penobscot pa mtsinje wochedwa ndi dzina lao lomwe ndi zilumba zokha, osati madzi ozinga zilumbazo. Bwalo lalikuru la America linakana kumva mlanduwo mu 2022. Atsogoleri a mafukowa alikudandaulabe kuti cigwirizano ca 1980 cinawapatsa zocepa kuposa zimene mafuko ena a mu America ali nazo.

Mphamvu imene iwo anaipeza atadikira zaka zonsezo, ina mwa inu muli nayo kale. Pa cilumba ca Mbenji ku Salima, a Senior Chief Makanjira atseka usodzi m'dzinja natsegula ndi mwambo dzinja litatha, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amvera popeza aona nsomba zimene zibwera pa kutsegula. Imeneyo ndi nyengo yoikidwa ndi mwini dziko, yosabwerekedwa kwa mlendo ali yense.

Koma ndicenjeze, kuti tingalembe kalata yopusa. Maine ali ndi anthu ocepa ndi nkhalango yaikuru. Ife tiri ndi anthu ambiri, ndipo nyama zazikuru zatsalira makamaka m'malo otetezedwa onga Liwonde, Majete, Nkhotakota, Kasungu ndi Nyika. Njobvu ibala mwana mmodzi patapita zaka zinai kapena zisanu, pamene deer ibala caka ndi caka, kawirikawiri mapasa. Wopempha nyengo ya kusaka njobvu pa citsanzo ca Maine adzasekedwa, ndipo moyenera. Lamulo lathu monga linakonzedwa mu 2017 lifikitsa cilango ca nyama zotetezedwa koposa pa zaka 30 m'ndende, ndipo ine sindipempha kuti licepe.

Cimene ndiika pamaso pa msonkhano ndi ici. M'kalata yathu tipemphe kuti caka ndi caka ciwerengero ca malaisensi operekedwa m'boma lathu, ndalama zace, ndi kumene zapita, cipacikidwe pa likuru la mfumu iri yonse, pamodzi ndi ciwerengero ca nyama zoononga minda zimene alonda apha ndi kumene nyama yace inagawidwa. Tipemphenso kuti mlimi wopeza nguluwe m'cinangwa cace auzidwe momveka, m'cinenero cace, cimene aloledwa kucita, kwa yani akanene, ndi m'maora angati. Ndi kuti pa nyama zazing'ono ndi mbalame za kunja kwa malo otetezedwa, miyezi ya kutseka ndi ya kutsegula ipanganidwe pamodzi ndi Mafumu, amene adziwa mwezi umene nkhanga iikira mazira m'dziko lao. Ngati msonkhano ubvomera, Mlembi alembe kalatayo, ndipo iwerengedwe pamaso panu isanatumizidwe.

A Pampando, ndabweza mau kwa inu.